Mayi Woyembekezera Asayende Yekha

  

Lero tikambirana nkhani ya uchembere. Ena anganene kuti nkhani imeneyi ndi ya kuchipinda, siyenera kukambidwa pabwalo pali abambo. Ife tikuti: mayi akamwalira pobereka, maliro ake timalira pabwalo, ndipo okumba manda ake ndi abambo. Choncho nkhani yopulumutsa moyo wake tiikambenso pabwalo, tonse pamodzi. Tilankhula mwaulemu, koma sitibisa mawu.

Nkhani yathu ili ndi mutu umodzi. Mayi aliyense woyembekezera akhale ndi mayi mnzake womuperekeza, kuyambira mimba ili yaing'ono mpaka atatuluka m'chikuta. Makolo anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Palibe malo pamene mwambi umenewu uli woona kuposa pa mphasa ya mayi amene matenda amuyamba.

Liwu lachilendo, ntchito yakale

Tiyeni tiwerenge liwu ili: doula. Limamveka ngati tikunena kuti dula. Koma musanyengeke. Mayi wotchedwa doula sadula kanthu, ngakhale mchombo wa mwana.

Liwuli ndi lochokera ku chilankhulo cha ku Greece, ndipo kumeneko linkatanthauza mkazi wotumikira. Mayi wina wa ku America wophunzira za miyambo ya anthu, dzina lake Dana Raphael, analigwiritsa ntchito m'buku lake la mu 1973 ponena za mkazi amene amathandiza mnzake amene wangobereka kumene. Masiku ano liwuli limanena mayi amene amakhala pambali pa woyembekezera, kumulimbitsa mtima, kumusamala ndi kumulankhulira. Ku America, ku Ulaya ndi ku Brazil alipo amayi amene amaphunzira ntchitoyi, ndipo mabanja ena amawalipira ndalama.

Ife tikamva zimenezi timangomwetulira, chifukwa ntchitoyi tikuidziwa. Ndi ntchito ya agogo, ya azakhali, ya achemwali, ya apongozi. M'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, ndi m'mbali mwa nyanja ku Metangula, amayi akhala akugwirana mkono pa uchembere kuyambira kale. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, zipatala zambiri za kumidzi zinawonongeka. Amayi ambiri anachirira kutchire ndi m'njira yothawira ku Malawi. Ena mwa inu munali pomwepo. Mukukumbukira kuti amene anakugwirani msana usiku umenewo anali mayi mnzanu.

M'chinenero chathu mayi ameneyu timutcha mperekezi. Kuchipatala anamwino amamutcha m'Chipwitikizi kuti acompanhante. Lembani mawu onse awiri m'makope mwanu, chifukwa mudzawafuna.

Zimene madokotala anaona

Mwina wina afunsa kuti: munthu wongokhala pambali, wopanda jekeseni, wopanda mankhwala, angathandize chiyani?

Funso lomweli anafunsa madokotala awiri a ana a ku America, John Kennell ndi Marshall Klaus, pamodzi ndi anzawo a ku Guatemala, dziko la ku Central America. Pa chipatala china chachikulu kumeneko amayi ankabereka opanda m'bale pafupi. Madokotalawo anatenga amayi a mimba yoyamba n'kuwagawa magulu awiri. Gulu loyamba linasamalidwa monga mwa masiku onse. M'gulu lachiwiri mayi aliyense anapatsidwa mkazi wamba, wosaphunzira za chipatala, woti akhale naye osachokapo, azimusisita msana, kumugwira dzanja ndi kulankhula naye.

Zotsatira zake anazifalitsa mu 1980. Amayi amene anali okha anatenga maola oposa 19 kuchokera pofika kuchipatala mpaka kuchira. Amayi amene anali ndi mperekezi anatenga pafupifupi maola 9.

Kafukufuku ameneyo anali wa amayi ochepa, choncho ena anamubwereza m'maiko ambiri. Ku Botswana, kuno kum'mwera kwa Africa, zotsatira za mu 1999 zinaonetsa kuti amayi amene anali ndi m'bale wawo wamkazi pambali ambiri anabereka okha bwinobwino, popanda opaleshoni kapena kukoka mwana ndi zipangizo. Mu 2017 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku 26 wa m'maiko 17, wokhudza amayi oposa 15,000. Anapeza kuti mayi amene ali ndi munthu womusamala nthawi yonse ya matenda amachira msanga pang'ono, sakhala wofuna opaleshoni kawirikawiri, ndipo mwana wake amabadwa ndi mphamvu. Sanapeze choipa chilichonse. Ndi chifukwa chake mu 2018 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti mayi aliyense aloledwe kukhala ndi mperekezi wa kumtima kwake pobereka.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu wamantha thupi lake limauma, mpweya umakhala wa m'mwamba, ndipo ululu umakula. Chiberekero ndi mnofu, ndipo chimagwira bwino ntchito mayi akakhala wodekha. Komanso mayi amene ali ndi mnzake ali ndi maso anayi. Chovuta chikayamba, chimaoneka msanga.

Mperekezi si namwino

Apa timvetsetsane bwino. Mperekezi sabereketsa. Sapima njira, sabaya jekeseni, sapereka mankhwala. Imeneyo ndi ntchito ya anamwino a uchembere amene anaphunzira zaka zingapo.

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga zipatala kuti zikhale za anthu onse. Madokotala anali ochepa kwambiri. Kuyambira mu 1984 dziko lathu linayamba kuphunzitsa akatswiri a opaleshoni amene si madokotala, kuti mayi wa kumudzi amene mwana wakanirira athe kuthandizidwa pa chipatala cha kudera, monga cha ku Ulónguè, osadikira kukafika ku Tete kapena ku Lichinga. Ntchito imeneyi yapulumutsa miyoyo. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2011 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa, amayi 408 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Kafukufuku wa mu 2022 ndi 2023 anapeza amayi 233. Chiwerengero chatsika, koma amayi 233 ndi ambiri. Aliyense wa iwo anasiya ana, munda ndi mtondo wake.

Namwino ali ndi nzeru ndi zipangizo, koma nthawi zambiri amakhala yekha usiku wonse ndi amayi atatu kapena anayi. Sangakhale pa bedi limodzi. Ndiponso namwino sangathandize mayi amene sanafike kuchipatala. Pakati pa khomo la mayi ndi khomo la namwino pali mtunda, pali mtsinje, pali mdima, pali mantha. Mtunda umenewo ndiwo munda wa mperekezi.

Nanga azamba athu? Azamba timawalemekeza. Anagwira ntchito pamene kunalibe wina. Koma mzamba, ngakhale waluso, sangathire munthu magazi ndipo sangachite opaleshoni pansi pa denga la udzu. Unduna wa Zaumoyo umapempha azamba kuti ntchito yawo ikhale kulangiza amayi ndi kuwaperekeza kuchipatala. Mzamba amene wavomera zimenezi ndiye mperekezi wabwino koposa, chifukwa amayi amamukhulupirira kale.

Tisankhe ndani?

Wosankha ndi mwini mimba. Asasankhiridwe ndi mwamuna wake kapena akuchimuna. Asankhe munthu amene amamasuka naye.

Mperekezi wabwino ndi wosunga chinsinsi. Zimene waona ndi kumva sakazinena kuchitsime. Ndi wodekha, wosakalipa, wosaledzera. Ali ndi mphamvu zoyenda mtunda ndi kuchezera usiku. Ali pafupi, ndipo pa mwezi wochira sapita ulendo. Ndi bwino kusankhanso wachiwiri, kuti woyamba akadwala pakhale wolowa m'malo.

Ntchito yake mimba ikukula

Ntchito yoyamba ndi kutengera mayi kusikelo msanga, miyezi 3 isanathe. Tikudziwa kuti ambiri amabisa mimba yaing'ono poopa anthu oipa mtima. Mperekezi ndiye yankho la mantha amenewo. Mudzi wonse sufunika kudziwa. Adziwe namwino ndi mperekezi basi.

Kusikelo amayeza magazi ndi kuthamanga kwake. Amayeza chindoko ndi HIV, ndipo mayi akapezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala amene amateteza iye ndi mwana. Amapereka mapiritsi owonjezera magazi, mapiritsi a Fansidar oteteza malungo, katemera wa kafumbata ndi neti yogonamo. Langizo la Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse la mu 2016 ndi lakuti mayi aonane ndi azaumoyo ka 8 mimba isanachire. Mperekezi amakumbutsa tsiku, amafunsa ngati mapiritsi akumwedwa, ndipo amaona ngati neti ili pa mphasa ya mayi, osati kudimba kutchinga nkhuku.

Ntchito yachiwiri ndi kuona mbale ya mayi. Woyembekezera adye nyemba, nandolo, mtedza, masamba, mazira, nsomba ndi zipatso. Dzira silitseka njira ya mwana. Mimba ikakula, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi azisenza ena.

Ntchito yachitatu ndi kukonza ulendo nthawi idakalipo. Mimba imatenga masabata pafupifupi 40. Pofika mwezi wa 7 banja likhale litayankha mafunso awa. Tidzachirira chipatala chiti? Tidzayenda pa chiyani, ngolo, njinga yamoto kapena galimoto, ndipo mwini wake tamuuza kale? Ndalama ya mafuta ili kuti? Ana otsala adzakhala ndi yani? Chikwama chikhale chomanga: makapulana ochapa bwino, sopo, beseni, chipewa ndi zovala za mwana, tochi, ndi kabuku ka kusikelo.

Pafupi ndi zipatala zambiri pali nyumba yodikirira, imene m'Chipwitikizi amati casa de espera. Mayi wokhala kutali apite kumeneko masabata otsiriza, monga namwino wamuuzira. Makamaka apite wa mimba yoyamba, wa mapasa, amene anachitidwapo opaleshoni, amene wabereka ana ambiri, ndi amene mwana wake wagona mopingasa. Tonse tikudziwa mmene Revúbuè ndi timitsinje take timadzazira mu Januwale ndi Febuluwale. Mtsinje sudziwa kuti pa ngolo pali wodwala.

Zizindikiro zosadikira kucha

Tsopano tiwerenge pamodzi, mokweza, zizindikiro zoopsa. Mperekezi aliyense aziloweze pamtima.

Kutaya magazi mimba ilipo.
Mutu waukulu ndi kusaona bwino.
Kutupa nkhope ndi manja.
Kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu.
Kutentha thupi.
Kupweteka kwambiri m'mimba.
Kupuma movutika.
Madzi kutuluka matenda asanayambe.
Mwana kusiya kusewera m'mimba.
Matenda kupitirira maola 12, ndiye kuti kuyambira dzuwa kutuluka mpaka kulowa, mwana osabadwa.

Chimodzi mwa izi chikaoneka, ulendo ndi wa nthawi yomweyo. Sitidikira kuti kuche. Sitidikira kuti bambo abwere kuchokera kumsika, kapena kuti amalume avomereze. Chilolezo chimenecho chiperekedwe kale, banja lonse lili pansi, mimba idakali ya miyezi 6.

Tsiku la matenda

Matenda akayamba, mperekezi amaona nthawi n'kuisunga. Amanyamula chikwama ndi kabuku. Pofika kuchipatala amapereka moni kwa anamwino, amanena dzina lake, nanena kuti ndine mperekezi wa mayi uyu. Amafotokoza nthawi imene matenda anayamba, nthawi imene madzi anatuluka ndi mtundu wake, ndiponso ngati mayi wamwa mankhwala ena alionse. Pamenepa asabise kanthu. Namwino akadziwa zoona amadziwa chochita.

M'zipatala zina chipinda chochirira ndi chimodzi, ndipo muli amayi angapo. N'chifukwa chake abambo nthawi zambiri amadikira panja. Mperekezi wamkazi ndi wosavuta kumulola. Funsani malamulo a chipatala chanu mudakali kusikelo, kuti tsikulo pasakhale kukangana pakhomo.

M'katimo mperekezi amachita zinthu zazing'ono zimene zili zazikulu. Amasamba m'manja ndi sopo. Amayenda ndi mayi pang'onopang'ono, chifukwa kuyenda ndi kusintha kakhalidwe kumachepetsa ululu. Amamusisita m'chiuno ululu ukabwera. Amamupukuta thukuta. Amamupatsa madzi, tiyi kapena phala lopepuka ngati namwino sanaletse. Amamukumbutsa kupuma mofatsa ndi kupita kukataya madzi. Amamufunditsa kuti asaonekere kwa odutsa. Amamuuza kuti: mukuchita bwino, ndili pompano, sindichoka.

Khomo la chiberekero liyenera kutseguka masentimita 10 mwana asanadutse. Pa mimba yoyamba zimenezi zimatenga nthawi. Mperekezi asauze mayi kukankha nthawi isanakwane, ndipo asakanikize mimba ndi manja kapena kuimanga ndi nsalu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amayi ambiri a kuno samva Chipwitikizi, ndipo anamwino ena ndi ochokera kuzigawo zina. Mperekezi amene amamva zilankhulo zonse ziwiri amakhala mlatho. Mayi akafuna kufunsa koma akuopa, mperekezi amamufunsira mwaulemu. Akaona magazi, kapena mayi akasintha maonekedwe, amathamanga kukaitana namwino, ngakhale pakati pa usiku. Namwino ndi mnzathu pa nkhondo imeneyi, ndipo timulemekeze. Mayinso ali ndi ufulu wake. Palibe amene ayenera kumutukwana kapena kumumenya pobereka. Zoterozo zikachitika, tikanene kwa mkulu wa chipatala kapena ku komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu.

Miyambo yosunga ndi miyambo yotaya

Posankha mbewu timasunga chimanga chabwino, chofumbwa timataya. Tichite chimodzimodzi ndi miyambo ya uchembere.

Tisunge mwambo woti mayi sasiyidwa yekha. Tisunge phala lotentha, madzi ofunda osamba, ndi kupumitsa mayi ntchito ali m'chikuta. Tisunge ulemu ndi chinsinsi.

Koma pali mwambo umene tiyenera kuutchula dzina. Mwana akachedwa kubadwa, amayi akuluakulu ena amazungulira wodwala n'kumati: ulula, unayenda ndi yani? Ena amati mwamuna ndiye anayenda kumbali. Maola amapita akufunsa milandu. Abale, mwana amakanirira chifukwa mutu wake ndi waukulu kuposa njira, kapena wagona molakwika, kapena chiberekero chatopa. Zimenezi zimagwera mayi wokhulupirika ndi wosakhulupirika mofanana. Kuulula sikukulitsa mafupa a m'chiuno. Mwana akakhala panjira nthawi yaitali amafa, ndipo mayi akapulumuka angatsale ndi bala lotulutsa mkodzo kosalekeza, limene kuchipatala amati fistula. Bala limeneli amalisoka kuchipatala, ndipo mayi wotero tisamusale. Koma kulipewa n'kosavuta kuposa kulisoka. Mperekezi akamva mlandu ukuyamba, aimirire n'kunena kuti: milandu tidzakamba mawa, lero mangani ngolo.

Mwambo wina ndi wa mankhwala a zitsamba ofulumizitsa matenda, monga amene ena amawatcha mwanamphepo. Mankhwala otere alibe muyeso. Angakokere chiberekero mwamphamvu khomo lisanatseguke, mwana n'kubanika, kapena chiberekero n'kung'ambika. Mperekezi asawapereke, ndipo asalole wina kuwapereka mobisa.

Tinenenso za atsikana. Mtsikana amene thupi lake silinakhwime ndiye ali pangozi yaikulu pobereka. Lamulo la mu 2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Tiliteteze lamulo limeneli. Koma mtsikana akatenga mimba, tisamuthamangitse ndi mawu. Iyeyo ndiye wofuna mperekezi kuposa onse.

Mwana wabadwa, ntchito sinathe

Mwana akalira, nthungululu zimamveka ndipo onse amathamangira kuona khanda. Mperekezi yekha maso ake akhale pa mayi. Kutaya magazi pambuyo pobereka ndi mdani wamkulu wa amayi, ndipo kungaphe munthu m'maola 2 okha. Kuchipatala namwino amabaya jekeseni yothandiza chiberekero kufinyika mwana akangobadwa. Pambuyo pake chiberekero chimamveka cholimba pansi pa mchombo. Namwino angamuonetse mperekezi mmene angachikhudzire. Chikafewa, kapena nsalu ikanyowa msanga ndi magazi, kapena mayi akamva chizungulire, itanani namwino nthawi yomweyo. Mayi asafulumire kubwerera kumudzi maola 24 asanathe.

Khanda aligoneke pachifuwa cha mayi wake, khungu kukhudza khungu, n'kuwafunditsa onse awiri. Liyambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa. Ndiwo chitetezo choyamba cha mwana, ndipo usafinyidwire pansi. Kusambitsa khanda kudikire tsiku limodzi, kuti lisazizidwe. Pamchombo tisaike phulusa, dothi, ndowe kapena mafuta. Tiikepo zokhazo zimene namwino wapereka. Mwana alandire katemera wake woyamba, ndipo kwa miyezi 6 ayamwe bere lokha, popanda madzi kapena phala.

Kumudzi mperekezi amazonda mayi tsiku ndi tsiku sabata yoyamba. Mayi akatentha thupi, akamataya magazi ambiri kapena zonunkha, akamva mutu waukulu, abwerere kuchipatala. Khanda likakana bere, likatentha kapena kuzizira, likamapuma mofulumira, likachita chikasu, kapena mchombo ukatuluka mafinya, chimodzimodzi.

Pali matenda ena osaoneka ndi maso. Mayi wina akachira amakhala wachisoni masiku ambiri, amalira yekha, sagona, sakondwera ndi mwana. Si ulesi ndipo si ufiti. Ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo. Amene angawaone msanga ndi mperekezi, chifukwa ndiye amene mayi amamuuza za kumtima. Mperekezi akumbutsenso banja za kulera, kuti papite zaka 2 mimba ina isanabwere.

Mawu kwa abambo

Abambo, mwakhala chete nthawi yaitali. Gawo lanu nali. Pokolola, patulani thumba la chimanga, la nyemba kapena la mbatata, ndalama yake ikhale ya ulendo wa kuchipatala. Pitani kusikelo ndi akazi anu, mukayezetse magazi limodzi. Konzani ngolo ndi njinga. Mayi akapita kunyumba yodikirira, mutumizireni ufa, ndiwo ndi nkhuni, ndipo musamale ana otsala. Magazi akafunika kuchipatala, perekani. Nenani pamaso pa abale onse kuti: ine ndikachokapo, mperekezi akanena kuti tiyeni, mupite osandidikira.

Mafumu ndi atsogoleri a midzi, inunso muli ndi gawo. Mudzi ungathe kusunga thumba limodzi la ndalama za ulendo wa odwala. Ungathe kugwirizana ndi eni njinga zamoto za mtengo wa usiku nthawi idakalipo. Ungathe kukonza denga la nyumba yodikirira ndi kulambula njira yopita kumsewu. Mutu umodzi susenza denga.

Cholembera m'dzanja la mperekezi

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya uchembere ikutani m'buku lophunzirira kuwerenga. Taonani kabuku ka kusikelo. Muli tsiku lobwereranso, muli mwezi woyembekezera kuchira, muli dzina la mankhwala. Kwa munthu wosawerenga ndi pepala chabe. Kwa inu amene mwaphunzira zilembo ndi manambala, ndi mawu a namwino amene mwapita nawo kunyumba.

Mperekezi wodziwa kuwerenga amaona tsiku pa kalendala. Amawerenga nthawi pa wotchi kapena pa foni, nadziwa kuti maola 12 akwana. Amalemba nambala ya mwini njinga yamoto pa khoma. Amawerenga chikwangwani cha pakhomo la chipatala osasochera. Dziko lathu linayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu kuwerenga mu 1978, ndipo inu mukuipitiriza. Chilembo chilichonse chimene mwaphunzira pano chingagwire ntchito usiku wina, pambali pa mwana wanu kapena mdzukulu wanu.

Choncho tisachoke pano ndi mawu okha. Aliyense aganize za mayi mmodzi woyembekezera wa m'mudzi mwake. Amayi, mukamufunse mwakachetechete kuti: wokuperekezani ndani? Akati palibe, mumuthandize kupeza, kapena mudzipereke nokha. Abambo, mukafunse mwamuna wake kuti: ngolo ili bwino? Sabata yamawa tikakumana, gulu lililonse lidzatiuza zimene lachita.

Umbuli ugwe!
Mantha agwe!
Mayi woyembekezera asayende yekha!

Mafunso oti tikambirane m'magulu

Kodi ntchito ya mperekezi ikusiyana bwanji ndi ntchito ya namwino?
Tchulani zizindikiro zisanu zoopsa kwa mayi woyembekezera.
Kuchokera m'mudzi mwathu kukafika kuchipatala timayenda maola angati m'chilimwe? Nanga m'dzinja?
Ndi miyambo iti ya uchembere imene tisunge, ndipo ndi iti imene titaye?
Lembani m'kope mwanu mawu awa: mayi, mwana, mimba, sikelo, mperekezi.